Mmene mungalowere ntchito yosamalira makina amene masipeya ake anasiya kupangidwa

Chibwerereni kudzakhala pa boma la Ntcheu, mwezi sutha popanda wachinyamata wina, kapena kholo lake, kundiimitsa n'kundifunsa kuti ntchito imene ndimagwirayi ndi yotani kwenikweni, popeza amamva kuti ndine injiniya koma sanandionepo ndikumanga mlatho kapena kukwera mapolo a magetsi. Ena amaganiza kuti ndimagulitsa masipeya, ndipo wina anandifunsa mosabisa ngati ndili dobadoba wa zitsulo zakale. Funsoli ndaliyankha m'minibasi, pa zinkhoswe ndi pa WhatsApp mpaka pakamwa kuuma, choncho ndaona kuti ndi bwino ndilembe kamodzi kuti aliyense wofuna kulowa ntchitoyi adziwerengere yekha.

Vuto limene ntchitoyi imalimbana nalo ndi ili: makina aakulu amagulidwa kuti agwire ntchito zaka 20, 30 kapena kuposerapo, koma tizipangizo ta m'kati mwake, makamaka ta magetsi, timasiya kupangidwa makinawo akadali ndi mphamvu. Siteshoni ya magetsi ya Nkula A inayamba kugwira ntchito mu 1966, ndipo aliyense angathe kuganiza kuti ndi makampani angati amene anapanga zida zake zoyamba amene anatsekedwa, kugulidwa ndi ena kapena kusintha zopanga m'zaka zonsezi. Ngakhale kachipangizo kotchuka ka Zilog Z80, kamene kanatuluka mu 1976 n'kulowa m'makina osawerengeka pa dziko lonse, eni ake analengeza mu 2024 kuti akusiya kukapanga. Ntchito yodziwiratu zimenezi ndi kukonzekera pa Chingerezi amaitcha obsolescence management, ndipo ili ndi muyezo wake wa pa dziko lonse wotchedwa IEC 62402, umene unatuluka mu 2007 n'kukonzedwanso mu 2019. Makaniko amaitanidwa makina akafa, pamene inuyo ntchito yanu idzakhala kudziwa, makina akadali kulira bwinobwino, kachipangizo kamene kadzawaimitse zaka zitatu zikubwerazi chifukwa sikadzapezekanso pa msika.

Ife a ku Ntcheu phunziroli tili nalo pakhomo. Mjigo wa Afridev umene amayi amapopa m'midzi yathu chiyambi chake chili kuno ku Malawi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pamene mjigo wotchedwa Maldev unayesedwa m'chigwa cha Livulezi. Cholinga cha oupanga chinali chakuti anthu a m'mudzi azitha kuukonza okha, ndipo mapulani ake ndi oti kampani iliyonse ingathe kuwatsata. N'chifukwa chake mpaka lero labala wa mjigo mumamupeza m'sitolo ya pa msika, pamene makina ena a mtengo wapatali amene anabwera dzana ali fumbi lokhalokha m'chipinda chokhoma chifukwa cha kachipangizo kamodzi kamene kampani imodzi yokha inkapanga.

1. Sankhani maphunziro amene adzakupatseni maziko

Musayembekezere kupeza dzina la ntchitoyi pa mndandanda wa makosi. Munthu amailowa kudzera mu uinjiniya wa magetsi, wa makina, wa electronics, wa zipangizo za chipatala kapena wa makina a ulimi. Ngati mwakhoza bwino Masamu, Physics ndi Chingerezi pa MSCE, mungapite ku MUBAS, imene kale inali Polytechnic, ku MUST ku Thyolo, kapena ku LUANAR ku Bunda ngati mtima wanu uli pa mathirakitala, zigayo ndi ulimi wothirira. Ngati simunasankhidwe ku yunivesite, makoleji a ntchito zamanja amene ali pansi pa ndondomeko ya TEVETA, monga a Lilongwe, Salima, Namitete, Soche ndi Nasawa, ndi khomo labwino ndithu, ndipo amisiri ambiri amene ndimawadalira anadzera kumeneko. Mukamaliza, kalembetseni ku Malawi Engineering Institution kuti siginecha yanu ikhale ndi mphamvu.

Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri pa nthawi ya atachimenti ndi chakuti ophunzira amanyoza ku sitolo ya masipeya, poganiza kuti kumeneko ndi kwa makalaliki. Pemphani kuti akuikeni kumeneko milungu ingapo. M'makadi a sitolo ndi mmene mudzaone chimene chimatuluka mwezi ndi mwezi, chimene chinaitanitsidwa chaka chatha koma sichinafikebe, ndi chimene chakhala pa shelefu zaka khumi makina ake anagulitsidwa kalekale.

2. Phunzirani mawu a ntchitoyi, a m'makalata ndi a m'galaja

Makalata ochokera ku makampani amabwera ndi zidule zingapo zimene muyenera kuzidziwa ngati dzina lanu. BOM ndi mndandanda wa tizipangizo tonse timene tili m'makina. PCN ndi chidziwitso chakuti kampani yasintha kanthu kena pa kapangidwe ka chipangizo, ngakhale nambala yake ikhale yomweyo. NRND ndi chenjezo lakuti chipangizocho chikupangidwabe koma musachigwiritse ntchito popanga makina atsopano, ndipo kwa inu chimenechi ndi chizindikiro choyamba chakuti mapeto ayandikira. EOL ndi chilengezo chakuti kupanga kwatha kapena kutha posachedwa, ndipo LTB ndi tsiku lomaliza limene kampani idzalandire oda yanu.

Mawu a m'galaja nawonso ali ndi msampha wake. Wogulitsa akati orijino, nthawi zina akutanthauza chatsopano chochokera kwa eni makina, koma nthawi zambiri akutanthauza chakale chimene chachotsedwa m'makina ena, choncho funsani bwino. Akati "chimalowa," akungonena kuti chikwana pamalopo, osati kuti chigwira ntchito ngati chakale chija. Kuphwasula ndi kuchotsa masipeya m'makina amene anafa kuti mupulumutse anzake, ndipo makina kapena galimoto imene akuti ili pa miyala ndi imene inaima kalekale podikira sipeya.

3. Lembani kaundula wa malo amodzi enieni

Musadikire kulembedwa ntchito kuti muyambe. Pezani malo amodzi pafupi ndi kwanu, kaya ndi chigayo cha ku Kampepuza, mapampu a sukulu yogonera konko, kapena zipangizo za sola za pa chipatala chaching'ono, mupemphe chilolezo kwa eni ake, ndipo mulembe makina onse amene ali pamenepo. Pa makina aliwonse lembani dzina la kampani, mtundu, nambala ya siriyo, chaka chimene anapangidwa, kenako tizipangizo tikuluikulu ta m'kati. Tengani kansanza ndi tochi, chifukwa kachitsulo kolembapo zimenezi kamakhala katakwiririka ndi ufa kapena girisi. Jambulani ndi foni musanakopere, ndipo samalani ndi zilembo zofanana: O ndi 0, I ndi 1, B ndi 8. Chilembo chimodzi cholakwika chingathe kukubweretserani katundu wolakwika kuchokera ku Johannesburg patatha miyezi iwiri mukudikira.

Anthu ambiri amalemba zitsulo zokha n'kuiwala zinthu zimene sizioneka msanga. Makina ambiri a m'mafakitale ndi m'zipatala amasinthidwa kudzera pa pulogalamu imene imangoyenda pa Windows XP, imene Microsoft inasiya kuisamalira mu April 2014, ndiponso amafuna kebulo ya RS-232 imene makompyuta a masiku ano alibe poilowetsa. Laputopu yakale ija, kebulo yake, pasiwedi ndi buku la malangizo zonsezi ndi masipeya, ndipo zilowe m'kaundula.

Mukatha kulemba, khalani pansi ndi munthu amene wayendetsa makinawo nthawi yaitali. Mufunseni mwaulemu kuti, "Bambo, kodi pa makinawa chimene chimakuvutitsani kawirikawiri n'chiyani, nanga mumakachipeza kuti?" Zimene adzakuuzeni m'mphindi makumi awiri simudzazipeza m'buku lililonse, ndipo iye akadzapuma pa ntchito nzeruzo zidzapita naye ngati simunazilembe.

4. Sanjani tizipangizoto potengera kuopsa kwake

Simungatsate tizipangizo 500 mofanana. Pa kalikonse funsani mafunso atatu: kakafa chimaima n'chiyani, kamapangidwa ndi makampani angati, ndipo kamatenga masiku angati kuti kafike kuno. Lamba wa chigayo amaduka kawirikawiri koma mumamupeza ku Lilongwe tsiku lomwelo, choncho asakudetseni nkhawa. Bolodi ya inveta, kathabwa kamene pamamangidwa tizipangizo ta magetsi, imene imapangidwa ndi kampani imodzi yokha, yofuna ndalama zakunja, ndiyo ikhale pamwamba ngakhale sinafepo chiiikireni.

Powerengera masiku, musangotenga amene wogulitsa walemba pa kotesheni. Onjezani nthawi yodikira ndalama zakunja ku banki, nthawi ya pa msewu kudzera ku Tete mpaka pa chipata cha Dedza kapena Mwanza, ndi nthawi yolipira msonkho. Amene tinali ndi makotesheni m'manja mu November 2023, pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti, tikukumbukira mmene ndalama imene inavomerezedwa kugula zinthu zinayi inasandukira ya zinthu ziwiri. Kumbukiraninso kuti lamulo nalo limachotsa zinthu pa msika: gasi wa R-22 wa m'mafiriji ndi m'makina oziziritsa m'nyumba akuchotsedwa pang'onopang'ono potsatira pangano la Montreal, ndipo lamulo la RoHS la mayiko a ku Ulaya, limene linayamba kugwira ntchito mu July 2006, linachititsa makampani kusintha kapena kusiya tizipangizo tambiri tokhala ndi mtovu.

5. Dziwani njira zonse, muyambire yotsika mtengo

Chipangizo chikalengezedwa kuti chatha, yambani mwafufuza ngati chilipo m'masitolo a nthambi zina za bungwe lanu lomwelo, chifukwa si zachilendo kuitanitsa kunja chinthu chimene chili m'katoni ku Balaka. Kenako onani ngati chakalecho chingakonzedwe, monga kukulunganso waya wa mota kapena kusintha makapasita a pa bolodi. Njira zotsatira ndi kuphwasula makina opuma, kugula zambiri pa oda yomaliza, kupeza cholowa m'malo kuchokera ku kampani ina, kusemetsa chatsopano kwa amisiri a makina osemera zitsulo, kusintha mbali ina ya makinawo kuti ilandire chipangizo chamakono, ndipo pomalizira pake kugula makina ena. Mabwana ambiri amalumphira ku njira yomalizayi kapena amangosiya makina pa miyala, ndipo phindu lanu pa ntchito lidzaoneka pa njira za pakatizi.

6. Tsimikizirani kuti cholowa m'malo n'chofananadi

Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa malangizo ambiri amangoti "pezani china chofanana nacho" ngati kuti ndi nkhani yosankha tomato pa Lizulu. Akatswiri amayesa zinthu zitatu zimene amazitcha form, fit ndi function. Choyamba ndi maonekedwe, kukula, kulemera ndi chimene anapangira. Chachiwiri ndi mmene chimalumikizirana ndi zinzake: mabowo, mathiredi, mapini. Chachitatu ndi mmene chimagwirira ntchito pa kutentha, pa liwiro ndi pa katundu weniweni wa makinawo. Ziwiri zoyambazo mumaziona ndi maso ndi choyezera cha veniya, koma chachitatucho ndicho chimawotcha makina.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira ndili wachinyamata pa ntchito. Pa sukulu ina yogonera konko panali pampu ya madzi ya mota ya 7.5 kW, imene imakoka pafupifupi 15 A. Kontakita yake, kachipangizo kamene kamalumikiza ndi kudula magetsi opita ku mota, inapsa, ndipo mtundu wake unali utasiya kupangidwa. Ndinapita ku Lilongwe n'kupeza ina yokwana bwino pa njanji ya m'bokosi, koilo yake ya 230 V ngati yakale, ndipo pambali pake panalembedwa 25 A. Ndinaona kuti 25 yaposa 15, ndinamanga, pampu inalira, aphunzitsi aakulu anandithokoza. Patatha milungu itatu mano a kontakitayo anasungunuka n'kumatirirana usiku, moti pampu sinathenso kuzima ngakhale chotetezera mota chinayesa kudula, madzi anatha m'chitsime, ndipo mota inapsa. Nditawerenga bwino tizilembo ting'onoting'ono, ndinapeza kuti 25 A ija inali ya gulu la AC-1, la zinthu ngati mahita zimene sizikoka magetsi ambiri poyamba, pamene pa gulu la AC-3, la mamota, kontakitayo inkangokwanitsa 9 A. Nambala zonse ziwiri zinali pomwepo pa chipangizocho, koma ine ndinawerenga imene inandisangalatsa. Ana a sukulu anatunga madzi ku mjigo wa m'mudzi kwa mwezi wathunthu.

Misampha yotereyi ili paliponse. Beringi ya 6205 nthawi zonse imakhala ya 25 mm m'kati, 52 mm kunja ndi 15 mm m'lifupi, koma zilembo zotsatira nambalayo zimasintha nkhani: 2RS ndi yotsekedwa ndi labala mbali zonse, imene imateteza bwino ku fumbi la chigayo, ZZ ndi yotsekedwa ndi tizitsulo, ndipo C3 ili ndi mpata wokulirapo m'kati kuti ipirire kutentha. Fyuzi ya T2A ndi ya F2A zimafanana kukula, koma ya T imapirira kanthawi magetsi akakwera poyatsa pamene ya F imaduka nthawi yomweyo. Bawuti yolembedwa 8.8 pamutu siilowedwa m'malo ndi ya 4.6 ngakhale ikhale yofanana utali. Makina akale a ku Britain ali ndi mathiredi a Whitworth, ndipo bawuti ya theka la inchi ya mtundu umenewu ili ndi mizere 12 pa inchi pamene ya UNC ya ku America ili ndi 13, choncho imayamba kulowa bwino kenako n'kuwononga bowo. Labala wa EPDM amafufuma akakumana ndi oilo wa injini, pamene wa nitrile amapirira oiloyo koma sayenera pa chitseko cha makina ophikira zida za chipatala, amene amafika 121 kapena 134 digiri. Makina a mphatso ochokera ku America nthawi zambiri amakhala a 120 V ndi 60 Hz, pamene magetsi athu ndi a 230 V ndi 50 Hz. Thiransifoma imatsitsa mavoti koma siisintha ma Hz, choncho mota yake idzayenda pang'onopang'ono kusiyana ndi mmene anaipangira.

Kuti musagwe m'mbuna zimenezi, tsatani dongosolo ili nthawi zonse, ngakhale abwana akukuimbirani foni kasanu pa tsiku. Pezani pepala la kampani lofotokoza chipangizo chakale ndi la chatsopano, limene amalitcha datasheet, ndipo mulembe mizere iwiri yoyandikana, mfundo iliyonse payokha, osadumpha ngakhale imodzi. Pamene pepala la chakale silikupezeka, yezani chakalecho, koma kumbukirani kuti chinaperepeseka. Shafiti imene mwaiyeza 24.8 mm mwina inali 25 mm ili yatsopano, ndipo mukapatsa mmisiri chakutha kuti akope, adzakusemerani chatsopano chakutha kale. Pa mfundo iliyonse imene zasiyana, lembani chifukwa chimene mukuonera kuti kusiyanako kulibe vuto, ndipo ngati simungathe kulemba chifukwacho m'chiganizo chimodzi chomveka, ndiye kuti simunatsimikize.

Kenako mangani pa makina amodzi okha, makamaka amene akaima sizivuta kwambiri. Yezani magetsi amene akukoka, kutentha ndi kunjenjemera, musanasinthe ndiponso mutasintha, ndipo bwereraninso patatha tsiku, mlungu ndi mwezi. Zikayenda bwino, pemphani injiniya wamkulu asayine, sinthani nambala m'kaundula, m'mapulani ndi pa kadi ya ku sitolo, ndipo matani kapepala m'kati mwa bokosi la makinawo kuti wobwera pambuyo panu asadzaitanitsenso chakale chija. Pa zinthu zokhudza moyo wa munthu, monga mabuleki, mavavu otulutsa mpweya ukapanikizika, zingwe zonyamulira katundu ndi makina othandiza wodwala kupuma, musasinthe mwa nzeru zanu zokha popanda chilolezo cholembedwa cha eni makina kapena cha akuluakulu oyang'anira zipangizozo, amene ku Unduna wa Zaumoyo ndi nthambi ya Physical Assets Management.

7. Werengerani bwino oda yomaliza

Kalata ya LTB ikafika mumakhala ndi miyezi yochepa yoti muyankhe funso lovuta: tigule zingati? Tiyerekeze kuti bungwe lanu lili ndi mapampu 12 a mtundu umodzi, makadi a ku sitolo akusonyeza kuti mabolodi 3 amafa pa chaka, ndipo mapampuwo akuyembekezeka kugwira ntchito zaka zina 8. Ndiye kuti mudzafuna mabolodi 24. Ngati bolodi imodzi mwa zitatu zilizonse imakonzeka, chotsani 8, atsala 16. Ngati m'sitolo muli 2, ndipo mapampu awiri apumitsidwa chaka chamawa n'kupereka mabolodi awo, atsala 12. Onjezani angapo, tinene 4, popeza makina akamakalamba amafa pafupipafupi ndipo ena mwa osungidwawo adzaonongekera pa shelefu. Mtengo wa mabolodi 16 amenewo muuyerekeze ndi mtengo wosintha mapampu onse kukhala amakono, ndipo nthawi zina mudzapeza kuti nzeru ndi kugula ochepa ongokwanira zaka zitatu pamene mukukonzekera kusinthako. Mukuona kuti masamu onsewa atsamira pa makadi a ku sitolo aja. Ngati sanalembedwe bwino, mukungolota.

Kugula ndi theka chabe la nkhaniyi. Chifunga cha ku Tsangano ndi ku Dedza m'miyezi ya June ndi July chimalowa m'makatoni, zitsulo zimachita dzimbiri, labala amauma n'kung'aluka, mabatire amafa, makapasita amafooka akakhalitsa osalandira magetsi, ndipo makoswe amakonda mawaya. Mabolodi asungeni m'matumba awo oteteza ku magetsi a m'thupi, muikemo timapaketi toyamwa chinyezi, muwakweze pa shelefu kutali ndi khoma, ndipo muziwayendera kamodzi pa chaka. Lembani pa katoni iliyonse makina ake ndi chifukwa chimene anagulidwira, chifukwa tsiku lina kudzabwera owerengera chuma amene adzaone katundu wosasuntha zaka zisanu n'kulamula kuti agulitsidwe ngati zitsulo zakutha.

A ku ofesi ya zachuma sadzamva chilankhulo cha mavoti. Alembereni tsamba limodzi losonyeza ndalama imene bungwe limataya pa tsiku makinawo akaima, masiku amene angaime, ndi mtengo wa masipeyawo lero. Ngati muli m'boma kapena m'kampani ya boma, werengani lamulo la kagulidwe ka katundu wa boma limene likugwira ntchito, limene bungwe la PPDA limayang'anira, kuti mudziwe mmene mungapemphere kugula kwa wogulitsa mmodzi, chifukwa makotesheni atatu a chinthu chopangidwa ndi kampani imodzi sadzapezeka, ndipo tsiku la LTB silidikira komiti.

8. Chenjerani ndi katundu wachinyengo

Chinthu chikangosowa, achinyengo amachipanga. Amatenga tizipangizo takale m'zinyalala za makompyuta, kupala pamwamba, kulembapo nambala imene mukufuna, n'kugulitsa pa intaneti ngati tatsopano. Kayikirani wogulitsa amene ali ndi zambirimbiri za chinthu chimene eni ake anasiya kupanga zaka khumi zapitazo, komanso mtengo wotsika modabwitsa. Yang'anani ndi galasi lokulitsa ngati pamwamba pali mikwingwirima ya kupala, ngati timiyendo tili ndi zotsalira za sodala, ndiponso ngati zilembo zikufufutika mukapukuta ndi acetone. Yambani kufunsa kwa ogulitsa ovomerezeka ndi eni ake, monga Mouser, DigiKey ndi RS, amene masamba awo amasonyezanso ngati chipangizo chikupangidwabe, ndipo pa tizipangizo ta electronics totha kale funsani ku Rochester Electronics, imene imapitiriza kusunga ndi kupanga tina mwa chilolezo cha eni ake. Mukakakamizika kugula kwa dobadoba, gulani chimodzi choyamba, muchiyese, ndipo musalipire zonse katundu asanafike.

9. Funani ntchito pansi pa maina ake osiyanasiyana

Kuno kwathu ntchitoyi imabisala m'maudindo ena. M'nyuzipepala muziyang'ana maintenance planner, reliability engineer, asset management officer, biomedical engineer ndi oyang'anira masipeya, m'mabungwe okhala ndi makina okhalitsa monga EGENCO, ESCOM, mabungwe a madzi ngati Central Region Water Board, makampani a shuga ku Dwangwa ndi ku Nchalo, minda ya tiyi, njanji, makampani a mafoni ndi zipatala. Ngakhale malo atsopano ngati siteshoni ya sola ya ku Golomoti, ya 20 MW ndi mabatire ake, adzafuna anthu otere, chifukwa mapanelo amakhala nthawi yaitali kuposa mainveta ndi mabatire. Kunja kwa dziko lino ntchitoyi imalengezedwa ndi dzina lake lenileni, obsolescence engineer kapena component engineer, makamaka m'makampani a ndege, a sitima za pamtunda, a zida za asilikali, a mafuta ndi a zipangizo za chipatala. Bungwe la akatswiri ake ndi International Institute of Obsolescence Management, ndipo buku la boma la America lotchedwa SD-22, lofotokoza za nkhani yomweyi, limapezeka kwaulere pa intaneti. Phunziraninso Excel mozama, chifukwa theka la tsiku lanu lidzathera mmenemo.

Popita kukayesedwa ntchito, tengani kaundula amene munalemba pa sitepe yachitatu, wosindikiza bwino, pamodzi ndi tsamba limodzi loyerekeza chipangizo chakale ndi cholowa m'malo mwake, ngakhale chikhale cha chigayo cha amalume anu. Ofunsawo akakupatsani mpata woti nanunso mufunse, afunseni kuti ndi makina angati amene ali pa miyala pakali pano chifukwa chosowa sipeya, ndipo akhala choncho miyezi ingati. Akakulembani, mndandanda wa makina amenewo ndiwo muupemphe mlungu woyamba, pamodzi ndi makiyi a chipinda chimene anawatsekeramo.